Phulusa Sali pa Malonda

Achimwene anga a Dominiko anabwera ndi wogula osandiuza n'komwe. Ndinali kuseri kwa khola ndikuzula nkhupakupa m'makutu mwa hatchi pamene ndinamva galimoto ikubuula pa chitunda cha kwathu, chija ngakhale ng'ombe za ngolo zimakwera mogwada. Masiku amenewo kwathu kuno, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, galimoto ikalowa m'mudzi ndiye kuti yabweretsa maliro kapena yadzatenga munthu. Anthu anathawira m'nyumba n'kumasuzumira pa ming'alu ya zitseko. Koma m'galimotomo munatuluka achimwene, atavala jekete la ku tchalitchi tsiku lili Lachiwiri, pamodzi ndi bwana wina wamimba, mwini esiteti ya fodya cha ku Madisi.

Bwanayo moni sanandipatse. Analunjika kwa hatchi, kuiyasamitsa, kuyang'ana mano, kunyamula chiboda, kusisita msana. Phulusa, ndilo dzina la hatchiyo, anangoima phee, chitsiru cha nyama, osadziwa kuti akumuyesa ngati thumba la mtedza pamsika. Ndikanakhala ine ndikanamumenya theche la pamimba pomwepo.

Ndinafunsa achimwene kuti kodi alendowa ataya chiyani m'kamwa mwa hatchi yathu. Iwo ati ndisachite mwano, bwanayu wabwera kudzatithandiza, akufuna hatchi yoti ana ake azikwera akatsekera sukulu, ndipo mtengo umene watchula ndi woti munthu n'kufolera nyumba ndi malata. Ndinati nyumba yanga sidontha. Limenelo linali bodza, inkadontha pakona pomwe pankagona ana, koma sinali nkhani yoti bwana wa ku Madisi aidziwe.

"Hatchiyi mwini wake alipo," ndinatero. "Ali ku ndende ya Dzaleka. Mukawafunse komweko."

Bwana uja atamva dzina la Dzaleka anachotsa dzanja pamsana pa Phulusa msangamsanga n'kulipukuta pa buluku. Anauza achimwene kuti ayambe akonza za pabanja, iye adzabweranso Lachinayi la sabata yamawa ndi lole yonyamulira. Ine sanandiyang'ane mpaka galimoto inatsetsereka.

Ine ndine Esitere, amake a Susana, mkazi wa a Vinsenti, ndipo nkhani ya hatchiyi iyenera kuyambira pa iwowo. Ali mnyamata ankasamalira mahatchi a mzungu wina wa za nkhalango ku phiri la Ntchisi. Dziko litalandira ufulu mzunguyo analongedza, ndipo powatsanzika anawasiyira kamwana ka hatchi kotuwa, kamiyendo yonjenjemera. Amuna ena amabwera kuchikamwini ndi khasu ndi mkeka, anga anabwera akukoka chingwe. Mudzi wonse unafa nalo phwete. Ati chiweto chanji chosakoka ngolo, chosakamidwa, choti ngakhale pamaliro simungaphe. Koma mvula ikagwa, misewu n'kusanduka phala, mitsinje n'kudzaza, omwe ankasekawo ndi amene ankagogoda pakhomo pathu kuti a Vinsenti athamangire ku boma kukatenga mankhwala, kapena ku mishoni kukaitana ansembe munthu asanatsirizike.

Tsiku limene linatidya linali lotere. Ankachokera ku boma ndi mankhwala a mwana wa anansi athu, n'kupeza msonkhano wa chipani pa bwalo la sukulu. Anyamata a malaya ofiira anali atatseka njira, ati palibe wodutsa mpaka msonkhano uthe. A Vinsenti anaima kumbuyo kwa anthu, n'kuvula chipewa. Koma ng'oma zinali kulira, Phulusa amaopa ng'oma, ndipo pafupi panalibe mtengo womangapo. Wodziwa hatchi amadziwa kuti nyama yochita mantha pakati pa ana umaigwira bwino uli pamsana, osati uli pansi. Choncho anamvera msonkhano wonse ali pachishalo. Tcheyamani wa dera lathu, a Elifala, ndi munthu wamfupi, moti polankhula ankaima pa benchi ya ana a sukulu. Atakweza maso anaona kuti pali mutu wina umene wapitirira wawo. Anakanena kwa akuluakulu kuti mkamwini wa kwa a Dominiko amadziyesa mfumu, amayang'ana mbendera ya chipani iye ali pamwamba. Sabata isanathe inabwera galimoto. Kubwalo la milandu sanapite nawo.

Anthu mpaka lero amandifunsa monong'ona kuti koma zoona zake a Vinsenti anachita chiyani. Ndimawauza kuti anatalika, basi.

Ku Dzaleka kuchokera kwathu ndi ulendo woti wapansi amagona panjira. Oyendetsa malole a matola atadziwa kuti ndine mkazi wa yani, ankandidutsa ndili chibayibitsire dzanja. Ndinali nditakwerapo Phulusa kudambo tili ongokwatirana kumene, amuna anga atagwira chingwe akundiseka, koma ndekha ayi. Ndinavala buluku lawo lakale m'kati mwa chitenje, chifukwa zikopa za chishalo zimasupula ntchafu, ndinadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kukwera. Ndinagwa m'munda wa mbatata ndisanatuluke m'mudzi. Azimayi a pachitsime anaona, ena anagwira pakamwa. Ndinadzisasa dothi n'kukweranso. Ndinafika pa geti dzuwa lili pamutu, thupi lonse likuphwanya, n'kuuzidwa kuti anthu a mlandu ngati umenewo saonedwa. Kaphukusi ka mtedza wokazinga ndinabwerera nako.

Pobwerera sindinafune kudutsa mumsewu ndikulira, ndiye ndinatsata kanjira ka azimayi opita kuchigayo, kokwera pa mtunda woyang'anizana ndi minda ya ndendeyo. Nditafika pamwamba ndinaona m'munsimo amuna ali ndandanda m'mizere, akupalira. Anali patali, nkhope zosadziwika. Ndinaima kuti hatchi ipume. Ndiye munthu mmodzi pakati pa anzake anaweramuka, kuyang'ana kumtunda, n'kukweza khasu pamwamba pa mutu ndi manja awiri. Mayo ine! Ndinatsala pang'ono kugwanso.

Mkazi wapansi akaima patali ndi mkazi aliyense. Koma hatchi yotuwa ku Dowa ndi ku Ntchisi konse inali imodzi yokha. Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse, mitsinje ikalola, ndinkamanga chishalo kukacha n'kukaima pa mtunda uja. Sindinkagwedeza dzanja, sindinkaitana, ndinkangoima pa njira ya aliyense, hatchi n'kumadya udzu. Amuna anga akakweza khasu ndiye kuti ali moyo. Ine ndikaoneka pamenepo ndiye kuti ana ali bwino, nyumba ilipo, ndipo sindinatengedwe ndi mwamuna wina. Kulankhulana kwathu kunali komweko. Tinakolola, mvula n'kugwanso, tikadali pa zomwezo.

Musaganize kuti kusunga hatchi n'kusunga nkhuku. Nyama imeneyi imadya ngati ili ndi mimba ziwiri. Ndinkamweta udzu ndisanapite kumunda, ndinkatunga madzi a anthu ndi a hatchi, ndinaphunzira kusenga ziboda ndi mpeni wa amuna anga mpaka zala zanga zinadzaza zipsera. Tsiku lina Phulusa anatupa mimba, ndinamuyendetsa kuzungulira khola ndikupemphera korona, Susana akulira pambuyo. Panali masiku amene ndinkamutukwana ndekha, kumuuza kuti chikhala si iye amuna anga bwenzi ali pakhonde. Iye n'kumangondifwenkha ndi mphuno, kufuna madeya.

Koma zomwe ankaona amuna anga pa mtunda paja ankazimvanso a Elifala. M'mudzi anayamba kuitchula kuti hatchi ya chigawenga. Anzanga a pachitsime ankandipatsa moni wa pakhosi, maso ali kwina. Achimwene, omwe ndi eni mbumba yathu, anachotsedwa mu kalabu ya alimi, feteleza osalandira, fodya wawo n'kuchita chikasu. Kenaka boma linaletsa akazi kuvala mabuluku, ndipo a Elifala anaona ngati mbewa yalowa yokha pa diwa. Anatuma anyamata awo kuti akandidikirire pa mlatho wa matabwa.

Ine sindine wopusa. Ndinali ndi chitenje cha chipani, chija tinkagula tifune tisafune kuti tizivinira pa misonkhano, chokhala ndi nkhope ya mwini dziko. Ndinachikulunga pamwamba pa bulukulo, kuchimanga mfundo zolimba, nkhope ija n'kuikhazika bwinobwino pa bondo, poyera, kuti wina asadzati ndaikhalira. Nditafika pa mlatho anyamata aja anagwira chingwe cha Phulusa, ati nditsike aone chomwe ndavala m'kati. Wotsogolera wawo anali mwana wa mnzanga, yemwe ndinkamupukuta mamina dzana lomweli.

"Sinditsika," ndinamuuza. "Ukafuna kuona, vula wekha. Koma ugwire bwino mwanawe, waiona nkhope ili apayi. Hatchiyi ndi yamantha. Ikadumpha, nsalu n'kung'ambika pamenepa, wokafotokoza ndiwe."

Anayang'ana nkhopeyo, kuyang'ana anzake, kuyang'ana Phulusa yemwe anali akupondaponda pa matabwa. Panalibe amene anafuna kuti dzanja lake likhale loyamba. Anasiya chingwe, ati ndizipita koma adzandiona. Ndinadutsa msana uli wowongoka mpaka nditakhota kuseri kwa phiri. Kumeneko ndi komwe ndinatsika n'kusanza.

Ndiye mwaona chifukwa chake achimwene anabwera ndi bwana wa ku Madisi. Galimoto itapita tinakangana mpaka nkhuku zinalowa. Ndisawanamizire, a Dominiko si munthu woipa. Madeya amene Phulusa ankadya ankachokera pa mtondo wa kwawo, ndipo yunifomu ya Susana anagula ndi iwo. Koma mantha anali atawadya mpaka m'mafupa. Ati ana awo ali mbwee ndipo nkhokwe sifika Januwale. Ati a Elifala awauza poyera kuti tsiku limene hatchi idzachoke m'mudzi muno dzina lawo lidzabwerera mu kalabu. Ati galimoto imene inatenga alamu awo njira ya kwathu yaidziwa kale. Ndinawauza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Iwo ati wokwatiwa kwa mphenziyo ndine, iwo sanakwatireko, koma ikagwa idzapsereza mudzi wonse. Pamenepo ankanena zoona, ndipo misozi inali italengeza m'maso mwawo, munthu wamkulu.

Ndinakakamira pa mfundo yanga imodzi yomweyo, yakuti hatchi si yanga. Mwini wake akanena yekha kuti igulitsidwe, ndidzaikweza ndekha pa lole. Ndinkalankhula molimba mtima chifukwa ndinkadziwa kuti ku Dzaleka sikuchokera mawu.

Lachinayi la sabata imeneyo ndinapita monga mwa masiku onse. Ndinaima, kuima, Phulusa mpaka kumaliza udzu wa pafupi n'kuyamba kukoka chingwe. Khasu linakwera mochedwa, ndipo wolikwezayo sanaweramuke bwino n'komwe, analikweza n'kulitsitsa. Sikanali koyamba. Miyezi yonse yapitayo zinkatero, ndipo ndinkadziuza kuti ndi kutopa, ntchito ya kumeneko si yamasewera. Ndinabwerera mtima uli wolemera.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapeza pakhonde panga pali bambo wina woonda, wometa mpala, ali ndi kaphukusi pamiyendo. Anati dzina lake ndi Solomoni, kwawo ndi cha ku Malomo, wamasulidwa kumene, ndipo ku Dzaleka ankagona moyandikana ndi a Vinsenti. Njira sanavutike nayo, ankangofunsa kwa mayi wa hatchi. Uthenga anakana kunena kwa ine ndekha, ati mawu a banja amanenedwa ankhoswe alipo. Tinaitana achimwene.

Uthenga unali uwu. A Vinsenti ali moyo, akupereka moni kwa ana. Akuti hatchi igulitsidwe, alamu awo apume. Akuti ndisadzapitenso pa mtunda paja. Ndipo akuti iwo tsiku lotuluka sakulidziwa, kaya lilipo n'komwe, choncho wina akandifuna ankhoswe asakanize, iwo andimasula.

Achimwene anausa moyo, mapewa n'kugwa. Kenaka khasu lochedwa lija linandibwerera m'mutu, ndipo ndinati ohoo, kani atopa ndi ine. Ine wogwa m'mbatata, wosanza kuseri kwa phiri, wosalidwa pachitsime, lero andimasula ngati mbuzi ya pachingwe! Ndinapsa mtima kuposa tsiku limene anawatenga. Ndinauza achimwene kuti chabwino, mwini wake wanena, lole ibwere.

Mlendo atadya ndinamuperekeza, nditamusenzera kaphukusi kake. Titadutsa minda ya fodya, pomwe woperekeza amabwerera, anatambasula manja kuti alandire katundu wake. Sindinamupatse. Ndinamufunsa kuti amuna anga ponena mawu aja nkhope yawo inali yotani. Ati inali bwinobwino. Ndinafunsa ngati ndinawalakwira penapake. Ati ayi ndithu. Nthawi yonseyi maso ake anali pa zala za kumapazi. Ndinakhala pansi pakati pa njira, phukusi pamiyendo, n'kumuuza kuti akafika ku Malomo wopanda bulangete ngati sandiuza chimene akubisa.

Ananjuta pambali panga, ati analumbira kuti sadzanena, koma Mulungu amukhululukire.

"Mayi, amuna anu saona. Ng'ala inagwira maso onse awiri. Chikololere chimanga, mtunda uja sauona. Amapalira potsata mzere ndi phazi. Mukafika, amene ali pafupi amawanong'oneza kuti hatchi yabwera, ndiye amakweza khasu. Nthawi zambiri wonong'onezayo ndinali ine."

Anawonjezera kuti nkhani ya pa mlatho ija inalowa mpaka m'ndende, ndipo a Vinsenti ataimva anakana chakudya. Ati mkazi afere chiyani kukadzionetsa kwa munthu wakhungu.

Ndinamupatsa phukusi lake, kumuthokoza, n'kubwerera. Mukuganiza kuti sindinalire? Ndinalira, inde, m'minda ya fodya monse muja, mokweza, osasamala wondimva. Koma pofika pakhomo misozi inali itauma, mkwiyo utabwerera, waukulu kuposa woyamba uja. Munthu kudwala maso osandiuza, n'kukhala pansi yekha kugamula za ine, za hatchi, za banja lonse! Ngakhale a Elifala ndi kufupika kwawo konse sanayesepo kundigawa kwa mwamuna wina. Achimwene sindinawauze kanthu. Ndinawasiya akulambula pomwe padzaime lole, ine n'kumamupatsa Phulusa madeya owonjezera, iwo n'kumayesa kuti ndikumunenepetsera bwana.

Lachinayi kunacha ndi mvula yowaza. Achimwene anandipeza m'khola ndikumanga lamba wa chishalo, ndipo anaima pakhomo pa kholalo atagwira mipiringidzo. Ati mlongo wanga, mwini wake wanena, ndipo inu munalonjeza mlendo akumva. Ndinati wanena, ndamva, ndakana. Ndinawauza za maso aja. Ndinawauzanso kuti ngati hatchiyi ikuwapsereza, mvula ikangokata ndisamuka ndi ana n'kukamanga kuseri kwa phiri, kumalire a munda wa malemu amayi athu, kuti a Elifala adziwe kuti wamisala ndine ndekha. Anandiyang'ana, kuyang'ana pansi, n'kunena kuti ndidzawaphetsa. Kenaka anasolola okha mipiringidzo ija n'kupatuka.

Lole ya bwana uja ndinakumana nayo pa chitunda, itatitimira m'matope mpaka m'mimba, antchito akukankha. Bwanayo anatulutsa mutu pa windo n'kufuula kuti kodi hatchi yake ikupita kuti. Ndinamulambalala cha m'mphepete, Phulusa akuponda mwaulemu, ndipo ndinamulangiza kuti aike nthambi kunsi kwa matayala.

Ndinafika pa mtunda dzuwa litatuluka m'mitambo. Amuna aja anali m'munsi, akubandira chimanga chofika m'mawondo. Ndinaima pamalo anga a masiku onse. Khasu silinakwere. A Solomoni kunalibe, ndipo mwina a Vinsenti anali atauza anzawo kuti asavutikenso kuyang'ana kumtunda, nkhani ya hatchi inatha. Ndinadikira, mitu yonse ili pansi.

Ndiye ndinaimirira pa zopondera, kudzaza mpweya m'chifuwa, n'kululuta nthungululu. Ndalulutapo pa maukwati, pa zinamwali, pa misonkhano ya chipani mpaka kusasa mawu, koma ngati ya tsiku limenelo ayi. Inatsika mtunda, kuwoloka chigwa, n'kubwerera kuchokera ku phiri la kutsidya. Phulusa anadzidzimuka. Makasu onse anaima.

Munthu mmodzi cha kumapeto anaweramuka n'kumatembenuka uku ndi uku, kufunafuna. Mawu obwerera aja anamunyenga, anaima atandifulatira, nkhope italoza phiri lopanda munthu. Mnzake wa pambali anaponya khasu pansi, kumugwira mapewa, n'kumutembenuza pang'onopang'ono mpaka anayang'ana kwa ine. Abale inu, mwamuna wanga wamtali uja, kutembenuzidwa ngati mwana wovekedwa malaya. Chinandibaya pamtima.

A Vinsenti anaika zala m'kamwa n'kuimba mluzu. Phulusa anaimitsa makutu, kulira mokweza, n'kuyamba kutsika. Ndikanatha kumugwira, koma sindinafune. Tinatsetsereka m'tchire, m'minga, m'miyala, ine nditakakamira ubweya wa pakhosi pake, mpaka chifuwa cha hatchi chinagunda waya wa kumalire a munda. Msilikali wolondera anali kutsidya lina, ndinamuona akuyamba kuthamanga, mfuti ikulendewera. Mnzawo uja anawagwira dzanja a Vinsenti n'kuwakokera ku waya, akupunthwa m'mizere.

Anali ataonda, ndevu zitayera, maso ali mbuu. Anapisa manja pakati pa mawaya, kupeza mphuno ya Phulusa, kusisita khosi, kutsata phewa, mpaka dzanja linagunda phazi langa. Linagwira pamenepo.

"Amake a Susana, uthenga wanga sunafike?"

"Unafika."

"Nanga mwabwereranji? Ine sindikuonani. Ngakhale pano pomwe sindikuonani."

"Ndani anakuuzani kuti ndimabwera kuti muzindiona? Maso afa ndi anu, bambo a Susana, anga alipo. Ine ndimabwera kudzaona inuyo. Hatchi sindigulitsa, mwamuna wina sindimufuna, ndipo Lachinayi ndibweranso. Mukafuna muzindifulatira."

Msilikali anafika ali wefuwefu n'kuwagwira a Vinsenti pamkono, koma dzanja lija linakana kusiya. Atakoka mwamphamvu nsapato yanga inavuka n'kutsala m'manja mwawo, ndipo ndinaona akuilowetsa m'malaya msilikaliyo ali kalikiliki kukalipira ine. Ati ndikadzaonekanso pa waya ndidzagona m'kati. Ndinamuuza kuti pa waya sindidzafikanso, koma mtunda uwo ndi njira ya kuchigayo, ndipo sindinamvepo kuti yatsekedwa.

Ndinatembenuza Phulusa n'kuyamba kukwera, phazi limodzi lili pa chitsulo chozizira, ziboda zikugogoda pa miyala. Nditafika pakati ndinacheuka. Anzawo onse anali atawerama, akubandira. Amuna anga anali chiimire, dzanja pa chifuwa, akutembenuza nkhope pang'onopang'ono kutsata kulira kwa zibodazo, okha, popanda wowagwira mapewa.